Magemu akale a pa kompyuta: chifukwa chake amakana pa Windows yatsopano ndi mmene mungawadzutsire

Amene anayamba kugwira kompyuta ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke zaka za m'ma 2000 zitangoyamba amakumbukira zimene zinkatsegulidwa phunziro la kutaipa likatha: Dangerous Dave, Prince of Persia, Pinball ya mu Windows XP, ndipo pa makina amphamvuko Road Rash, IGI kapena Vice City. Lero ambiri mwa anthuwo ali ndi laputopu yoposa makina akalewo kutalitali, koma akakopera gemu yomweyo n'kuidina, imakana kutseguka, kapena sikirini imada bii n'kubwerera pa desktop, kapenanso galimoto ya mu gemu imathamanga mosawongoleka.

Nthawi zambiri fayilo imakhala ilibe vuto. Gemu iliyonse inalembedwa motsamira zinthu zimene zinkapezeka mu kompyuta ya nthawi yake, ndipo zina mwa zinthuzo zinachotsedwa mu Windows 10 ndi 11. Choncho musanayambe kudinadina, dziwani kaye kuti gemu yanu ndi ya m'badwo uti: wa DOS, wa Windows 95 ndi 98, kapena wa Windows XP. Uliwonse uli ndi matenda akeake, ndipo mankhwala a m'badwo wina sagwira kwa unzake.

Magemu a DOS

Dangerous Dave ya John Romero inafika pa DOS mu 1990, chaka chomwe Prince of Persia ya Jordan Mechner inafikanso kumeneko. Wolfenstein 3D inatuluka mu 1992, Doom mu December 1993. Onsewa ndi mapulogalamu a DOS, ndipo Windows ya 32-bit inali ndi kachigawo kotchedwa NTVDM kamene kankawayendetsa. Mu Windows ya 64-bit kachigawoko mulibe, ndipo Windows 11 imapezeka ya 64-bit yokha. N'chifukwa chake kusintha za Compatibility pa DAVE.EXE n'kutaya nthawi chabe. Kuwonjezera apo, magemuwa ankalankhula mwachindunji ndi khadi la mawu komanso khadi la zithunzi, zomwe Windows yamakono siilola.

Njira yake ndi DOSBox, pulogalamu yaulere imene imanamizira kukhala kompyuta yathunthu ya nthawi imeneyo. Mtundu wa 0.74-3 ndi waung'ono kwambiri, sungathe bando yanu. Pangani foda pa C: yokhala ndi dzina lalifupi lopanda mipata, monga C:\MAGEMU, ndipo gemu iliyonse ikhale ndi foda yakeyake mkatimo. Dzina lisapitirire zilembo 8, chifukwa DOS imadula maina aatali: foda yotchedwa Princeofpersia imaoneka ngati PRINCE~1, ndipo apa ndi pamene ambiri amasochera. Mukatsegula DOSBox lembani izi, mzere uliwonse n'kudina Enter:

mount c c:\magemu
c:
cd dave
dave

Mzere woyambawo ukuuza DOSBox kuti foda ya MAGEMU aiyese disiki C. Musamaunte C: yonse ya kompyuta yanu, chifukwa gemu kapena lamulo lolakwika likhoza kukhudza mafayilo enieni a Windows. Kuti musamalembe zimenezi tsiku lililonse, tsegulani fayilo ya makonzedwe kudzera pa DOSBox Options, pitani pansi penipeni pamene palembedwa [autoexec], n'kuika mizere iwiri yoyambayo pamenepo.

Nkhani ya liwiro ndi imene imafuna kuleza mtima. Magemu ena akale ankawerengera nthawi potengera liwiro la purosesa, kotero purosesa ikachita changu nawonso amachita changu. DOSBox imayesa liwiro ndi nambala yotchedwa cycles, imene imaoneka pamwamba pa windo. Imayambira pa 3000, ndipo kwa magemu a m'ma 1990 momwemo nambalayi imakhala pafupi ndi yoyenera. Gemu ikamathamanga kwambiri, dinani Ctrl+F11 kuti mutsitse. Ikamakoka miyendo, Ctrl+F12 kuti mukweze. Mukapeza nambala yabwino ilembeni mu fayilo ya makonzedwe, mwachitsanzo cycles=fixed 3000. Osakweza mopitirira zimene kompyuta yanu ingakwanitse: chizindikiro chake n'chakuti mawu amayamba kudukaduka. Pa malaputopu ambiri mabatani a F11 ndi F12 anapatsidwa ntchito ya voliyumu kapena kuwala, ndiye muyenera kugwiranso batani la Fn. Alt+Enter imadzaza sikirini yonse, Ctrl+F10 imamasula mausi ikakodwa mu windo.

Gemu ikakhala chete, yang'anani mu foda yake fayilo ya SETUP.EXE kapena INSTALL.EXE, muitsegule mkati mwa DOSBox momwemo. Sankhani Sound Blaster, port 220, IRQ 7, DMA 1. Manambala amenewa ndi amene DOSBox imayambira nawo. Magemu ambiri amadzisankhira IRQ 5, ndipo zikasemphana choncho nyimbo zimamveka koma kulira kwa mfuti ndi zitseko kumasowa, chifukwa nyimbo zimadzera njira ina yosafuna IRQ.

Chithunzi nachonso chili ndi kachinsinsi. Magemu ambiri a DOS ankajambula madontho 320 chopingasa ndi 200 choimirira, koma monita ya chitumbo ija inkawatambasula kuti adzaze sikirini ya 4:3. Mukasiya zinthu mmene zilili, anthu a mu gemu amaoneka afupi ndi onenepa. Lembani aspect=true mu makonzedwe, ndipo landirani mizere yakuda imene itsale kumanzere ndi kumanja.

Pali misampha iwiri ya kiyibodi imene siichokera mu gemu. Mu Prince of Persia batani la Shift ndi lopondera mosamala, logwirira m'mphepete mwa khoma komanso lobayira lupanga, choncho mumalidina pafupipafupi. Windows ikaona Shift yadinidwa kasanu motsatizana imatulutsa uthenga wa Sticky Keys pakati pa nkhondo. Zimitsani zimenezi mu makonzedwe a kiyibodi musanayambe, pajatu gemuyi imakupatsani mphindi 60 zokha kuti mumalize yonse. Msampha wachiwiri uli mu Dave, momwe kuwombera ndi kuuluka kumagwiritsa ntchito mabatani a Ctrl ndi Alt. Pa makompyuta ena a Intel Graphics, Ctrl ndi Alt ndi muvi zikadinidwa pamodzi sikirini yonse imatembenuka chadodolido. Ctrl+Alt ndi muvi wolozera m'mwamba zimaibweza, koma ndi bwino kuzimitsiratu ma Hot Keys mu pulogalamu ya Intel.

Doom yokha musavutike nayo mu DOSBox. Kampani ya id Software inatulutsa poyera khodi ya gemuyi mu 1997, ndipo anthu anapanga mapulogalamu oiyendetsa mwachindunji pa Windows yamakono. Chocolate Doom imasunga maonekedwe enieni a 1993. GZDoom imawonjezera zambiri koma imafuna khadi la zithunzi labwinoko. Chimene mukufunika ndi fayilo ya WAD, imene imasunga malevo, zithunzi ndi mawu a gemuyo. DOOM1.WAD, ya pafupifupi 4 MB, ndi ya gawo loyamba la malevo 9 limene eni ake ankalola kuti anthu azikoperana kwaulere. Iikeni mu foda imodzi ndi Chocolate Doom, basi.

M'badwo wovuta: Windows 95 ndi 98

Apa pali Road Rash ya pa PC ya 1996, Need for Speed II ya 1997, FIFA: Road to World Cup 98 ija inali ndi bwalo la m'nyumba, Age of Empires II ya 1999, ndi Project IGI ya 2000. Magemuwa ndi a 32-bit, kutanthauza kuti Windows yamakono ikhoza kuwayendetsa, koma chilichonse chowazungulira chinasintha.

Vuto loyamba limabwera gemu isanalowe n'komwe. Ma CD ambiri a nthawiyo ali ndi SETUP.EXE ya 16-bit ngakhale gemuyo ili ya 32-bit. Mumadina Setup, palibe chochitika. Nthawi zina kungokopera foda ya gemu kuchoka pa CD kupita pa hadi disiki kumakwana. Zikakanika, pulogalamu yaulere ya winevdm, imene ena amaitcha otvdm, imayendetsa Setup ya 16-bit pa Windows ya 64-bit. Poika gemuyo pewani Program Files. Magemu akale amasunga sevu ndi makonzedwe mu foda yawo yomwe, ndipo Windows kuyambira pa Vista imaletsa kulemba mu Program Files popanda chilolezo. Zotsatira zake ndi gemu imene imaiwala pamene munalekezera. Foda ngati C:\Games imathetsa zimenezi.

Kenako dinani kumanja pa fayilo ya gemu, Properties, Compatibility. Sankhani Windows 98 / Windows Me, ndipo ngati mitundu yasokonekera yesani Reduced color mode, poyamba 16-bit, kenako 8-bit ya mitundu 256. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Mukachonga mabokosi onse nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza ndi chimene chawononga.

Age of Empires II inatchuka ndi udzu wofiirira ndi nyanja yamawangamawanga pa Windows 7. Chifukwa chake n'chakuti gemuyi imagwiritsa ntchito mndandanda wa mitundu 256, ndipo explorer.exe ya Windows inkalanda ina mwa mitunduyo gemu ili mkati. Kutseka explorer.exe mu Task Manager gemu isanayambe kunkathetsa vutolo. Mukamaliza mumaitsegulanso pa Run new task.

Magemu a 3D a zaka zimenezi ankayembekezera makadi amene kulibenso. Need for Speed II SE, mwachitsanzo, inkaoneka bwino kwambiri pa makadi a Voodoo a kampani ya 3dfx kudzera mu njira yotchedwa Glide. IGI imadalira DirectX 7, imene madiraiva a masiku ano amaisamala mwaulesi, n'chifukwa chake imatha kukhala yoduladula pa laputopu yamphamvu. Chida chothandiza pa zonsezi ndi dgVoodoo2, chimene chimamasulira malamulo akalewo kuti akhale a DirectX 11 kapena 12. Sichiikidwa mu Windows. Pa magemu a DirectX monga IGI, mumakopera mafayilo ake a DLL a mu foda ya MS\x86, monga DDraw.dll ndi D3DImm.dll, n'kuwaika pambali pa fayilo ya EXE ya gemuyo, pamodzi ndi dgVoodooCpl.exe yosinthira makonzedwe. Tengani a x86 ngakhale Windows yanu ili ya 64-bit, chifukwa chofunika ndi mtundu wa gemuyo. Za IGI n'zoyenera kunenanso kuti kulephera kusunga pakati pa mishoni si vuto la kompyuta yanu. Inapangidwa choncho, ndipo mukafa pafupi ndi mapeto mumayambiranso pachiyambi.

Gemu ikamaima yokha patapita mphindi zingapo kapena mawu akamathamanga kusiyana ndi chithunzi, ganizirani za purosesa. Inalembedwa nthawi imene kompyuta inali ndi core imodzi. Gemu ili mkati tsegulani Task Manager, Details, dinani kumanja pa dzina lake, Set affinity, n'kusiya CPU 0 yokha yochongedwa.

Palinso ma CD enieni amene amakana ngakhale alibe kakanda n'komwe. Ambiri a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi m'ma 2000 anali ndi chitetezo cha SafeDisc, chodalira diraiva yotchedwa secdrv.sys. Windows 10 siilola diraivayi, ndipo mu 2015 Microsoft inaizimitsanso pa Vista, 7 ndi 8 kudzera mu apudeti. Gemu imangokhala duu kapena imapempha CD imene ili kale mkati. Yankho laukhondo ndi kupeza mtundu wopanda chitetezocho, monga amene amagulitsidwa pa GOG, sitolo ya magemu ya pa intaneti, kapena kuisewera pa makina a XP.

Nthawi ya XP

Vice City inafika pa PC mu 2003, San Andreas mu 2005, Need for Speed: Most Wanted mu 2005 momwemo. Awa ndi osavuta. Vice City inkangofuna purosesa ya 800 MHz, RAM ya 128 MB ndi khadi la zithunzi la 32 MB. San Andreas 1 GHz, 256 MB ndi khadi la 64 MB. Laputopu iliyonse ya mu ofesi lero imapitirira pamenepa.

Zofunika ndi ziwiri. Choyamba, yatsani DirectPlay: Control Panel, Programs, Turn Windows features on or off, Legacy Components, chongani DirectPlay. Chachiwiri, gemu ikanena kuti d3dx9 yakutiyakuti ikusowa, ikani DirectX End-User Runtimes ya June 2010 yochokera kwa Microsoft. Ndi pafupifupi 100 MB, ndiye koperani kamodzi n'kusunga pa flashi. Osatola fayilo ya DLL imodziimodzi pa masamba osadziwika.

Mu magemu a GTA siyani Frame Limiter ili yoyaka. Anthu amaizimitsa pofuna chithunzi chosalala, koma kayendedwe ka zinthu mu magemuwa kanamangidwa pa mafelemu pafupifupi 30 pa sekondi. Akachuluka, galimoto ya mu Vice City imavuta kubwerera m'mbuyo, ndipo mu San Andreas kusambira kumachedwa zedi. Vice City ikakana kutseguka mutasintha rezolushoni, fufutani fayilo ya gta_vc.set mu foda ya GTA Vice City User Files ya mu Documents. Ipanga ina yatsopano, ndipo masevu anu sakhudzidwa. Mausi ikamafa mwa apo ndi apo, chigamba chotchedwa SilentPatch ndi chimene chimakonza zimenezi pamodzi ndi tizilema tina tambiri.

Pinball ija, imene Microsoft inaisiya pa Vista, ndi yophweka kuposa onse: foda ya C:\Program Files\Windows NT\Pinball yochokera pa kompyuta ya XP imagwira ntchito pa Windows 10 mmene ilili.

Kusunga makina akale a magemu okhaokha

Kwa munthu amene ali ndi mulu wa ma CD a zaka za 1998 mpaka 2006, njira yanzeru kuposa kulimbana ndi zigamba ndi kupeza desktop ya salaula ya mu ofesi, Dell OptiPlex kapena HP ya Core 2 Duo, n'kuiika Windows XP ya 32-bit. RAM ya 2 GB ndi yokwanira. XP ya 32-bit siiona zoposa pafupifupi 3.25 GB ngakhale muikemo zambiri. Monita ya 4:3 kapena 5:4, ija anthu akutaya masiku ano, ndi imene imagwirizana ndi magemuwa.

Musanalowetse pulagi pakhoma, yang'anani kumbuyo kwa power supply. Makina ena ali ndi kaswitchi kofiira ka 115 ndi 230. Magetsi a m'Zambia ndi 230 V, ndipo makina ochokera ku America amatha kubwera ali pa 115. Mukayatsa choncho, power supply imaphulika nthawi yomweyo.

Tsegulani chivundikiro muone ma capacitor ozungulira purosesa. Mutu wake uyenera kukhala wathyathyathya. Wotupa ngati chitumbuwa, kapena wotuluka zofiirira pamwamba, wafa kale, ndipo makina otere amazima okha gemu ikalemera. Vutoli linali lofala pa makina a zaka zoyambirira za m'ma 2000, monga OptiPlex GX270 ndi GX280. Wokonza mawailesi wodziwa kuwotcherera akhoza kuwasintha, bola atsate manambala a µF ndi mavoti olembedwa pambali pake komanso mbali ya minus. Tsiku ndi nthawi zikamabwerera m'mbuyo nthawi iliyonse magetsi akathima, sinthani batire la CR2032 la 3 V la pa motherboard. Setup ya XP ikagwa ndi sikirini ya buluu yolembedwa 0x0000007B, lowani mu BIOS musinthe SATA kuchoka pa AHCI kupita pa IDE kapena ATA, popeza CD ya XP ilibe diraiva ya AHCI.

Fumbi la mu August ndi September, makamaka m'nyumba za m'mbali mwa misewu yadothi ku Mchini kapena ku Navutika, limatseka timipata ta heatsink, kenako kutentha kwa October kumamaliza ntchito. Chotsani fumbi ndi bulashi yofewa ndi chopopera mpweya, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Phala lakale la pakati pa purosesa ndi heatsink lipukuteni ndi sipiriti, muike latsopano kadontho kamodzi pakati. Bokosi lisakhale pansi pa simenti. Magetsi akathima zulani pulagi, chifukwa kubwera kwake ndi kumene kumawotcha zinthu, makamaka nyengo ya mvula ndi ziphaliwali. UPS ya 650 VA imakupatsani mphindi zochepa zosungira gemu ndi kuzimitsa bwino. Si yoseweretsa mpaka magetsi abwere.

Makina a XP asalowe pa intaneti. Microsoft inasiya kuwateteza mu April 2014.

Kusewera awiri popanda bando

Counter-Strike 1.6, Age of Empires II ndi ena otere amaseweredwa pa waya wa netiweki wokha. Makompyuta awiri alumikizeni mwachindunji; ngati limodzi mwa makadi a netiweki ndi la gigabit waya wamba umagwira, koma makadi akale onse awiri amafuna waya wa crossover. Oposa awiri afunika switch. Patsani yoyamba adiresi 192.168.1.1, yachiwiri 192.168.1.2, subnet mask 255.255.255.0 ponse pawiri, gateway isiyeni yopanda kanthu. Yesani polemba ping 192.168.1.2 mu Command Prompt ya kompyuta yoyamba. Ikapanda kuyankha, kawirikawiri ndi firewall ya Windows imene yatchinga. Lolani gemuyo pa ma netiweki onse awiri, Private ndi Public, chifukwa waya wopanda rauta Windows imauyesa Public. Gemu ikhale ya mtundu umodzi pa makompyuta onse, apo ayi sawonana. Seva ya Counter-Strike ikapanda kuoneka pa mndandanda, tsegulani console mulembe connect 192.168.1.1:27015.

Magemu akale kwambiri amafuna IPX, njira imene inachotsedwa kuyambira pa Vista. A Windows amathandizidwa ndi IPXWrapper. A DOS, ikani ipx=true mu makonzedwe a DOSBox, mmodzi alembe ipxnet startserver, winayo ipxnet connect 192.168.1.1.

Kumene mafayilo akuchokera

Magemuwa ankafalikira pa ma flashi, ndipo mavairasi ankayenda nawo. Foda ya gemu imene yasanduka shortcut, kapena chinthu chooneka ngati foda koma dzina lake likuthera pa .exe, musachidine. Yatsani File name extensions mu File Explorer kuti muziona mathero a maina. Kukula kwa fayilo nakonso kumaulula: Dave yeniyeni siifika ngakhale 1 MB, ndiye "Dave Setup" ya 40 MB yanyamula zina.

Gemu kukhala yakale sikuichititsa kukhala yaulere, koma zaulere zovomerezeka zilipo ndithu. Command & Conquer yoyamba inamasulidwa mu 2007, Red Alert mu 2008, ndipo OpenRA imawayendetsa pa makina amakono. StarCraft yoyamba inakhala yaulere mu 2017. OpenTTD ndi Freedoom n'zaulere kuchokera pachiyambi. Internet Archive ili ndi magemu a DOS masauzande oseweredwa mu bulawuza, ngakhale kuti aakulu amadya bando nthawi iliyonse mukawatsegula.

Ngati muli ndi CD yoyambirira imene ikuwerengekabe, ipukuteni ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira, ndipo samalani kwambiri mbali yolembedwa, chifukwa zosungidwazo zili pansi pa utoto womwewo ndipo kakanda ka kumeneko sikakonzeka. Pangani kope lake pa hadi disiki. Gemu imene nyimbo zake zili pa CD ngati ma track omvera, kope lake likhale la BIN ndi CUE, chifukwa ISO imatenga mafayilo okha n'kusiya nyimbo. Mu DOSBox kope lotere limalowetsedwa ndi imgmount d c:\magemu\dzina.cue -t iso.